Batani la ECO latiyambanitsa m'banja

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 27, ndakhala pabanja zaka zinayi ndipo tili ndi mwana mmodzi wa zaka ziwiri ndi theka. Panopa ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Timakhala kuno ku Chiromo, tsidya la ku Bangula.

Chaka chatha amuna anga anatenga ngongole kuntchito, ine ndinawonjezera ya kubanki m'khonde, n'kugula Toyota Aqua yochokera ku Japan. Anzawo anawauza kuti galimoto imeneyi mafuta imangonunkhiza. Koma chigulireni, m'nyumba mulibe mtendere.

M'galimotomo muli kabatani kolembedwa ECO MODE. Bambowa amati kazikhala koyatsa nthawi zonse. Ndikangoyendetsa ine kupita kusikelo kapena kumsika, mafuta akatsika amati ndinakazimitsa. Eyakoni amakaniza, akuti imamwa mafuta, pamene mawindo sitingatsegule chifukwa cha fumbi. Mwana amalira njira yonse thukuta lili kamukamu. Tikamachokera ku Blantyre, potsika phiri lopita pa Thabwa amaika giya pa N, akuti galimoto iziyenda yokha mwaulere. Ine mtima umakhala uli m'mwamba. Komanso amasunga zigubu ziwiri za petulo kuchipinda kwathu poopa kusowa kwa mafuta.

Ndi zonsezi mafuta sakuchedwa kutha. Anzanga akuti ndatsalira, akuti mafuta akamatha chonchi ndiye kuti pali wina amene akunyamulidwa ine kulibe. Kodi ndiwaitane ankhoswe? Nanga kabatani kameneka kamasungadi mafuta? Ndithandizeni.

Ine mayi wodandaula,
Chiromo.

Mwananga,

Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ena anena kuti kalata iyi inayenera kupita kwa makaniko. Koma m'menemu muli mwana amene akupsa ndi kutentha, mayi woyembekezera amene akutsika phiri galimoto ili pa N, ndi banja limene layamba kukayikirana. Zimenezo ndiye zanga. Ankhoswe muwasiye kaye. Aitaneni bambowo, mukhale pamphasa, muwerenge limodzi yankholi.

Tiyambe ndi kabataniko. ECO si mpopi woti ukatseka mafuta asiya kutuluka. Ntchito yake ndi iyi. Choyamba, kamachititsa ulesi chopondera moto: mukaponda pang'ono, galimoto siilumpha, imanyamuka mwaulemu. Chachiwiri, kamachepetsa mphamvu ya eyakoni. Chachitatu, m'galimoto zambiri za otomatiki kamasinthitsa magiya msanga kuti injini isamalire kwambiri. Basi. Injini ndi yomweyo, kulemera kwa galimoto n'komweko. Mukaponda mpaka pansi, galimoto imatulutsa mphamvu zake zonse ndipo imamwa monga mwa masiku onse.

Kali ngati mbale yaing'ono imene timalangiza odwala shuga. Imathandiza munthu amene watsimikiza kuchepetsa nsima. Koma wobwereza katatu, mbale siimuletsa.

N'chifukwa chake bungwe la Consumer Reports la ku America, limene limayesa katundu wosiyanasiyana, litayesa galimoto linapeza kuti batani limeneli palokha silisintha kwenikweni kamwedwe ka mafuta. Pamene nthambi ya boma la dziko lomwelo yoona za mphamvu imati kuyendetsa mwaukali, kunyamuka mothamanga ndi kumanga mabuleki mwadzidzidzi, kumachepetsa mtunda umene lita imodzi ingayende ndi 15 mpaka 30 peresenti pamsewu waukulu, ndipo 10 mpaka 40 peresenti m'tauni moima-ima. Mwaona? Chosunga mafuta chili kuphazi. Choncho bambo, ngakhale mayiwa atakazimitsa kabataniko popita kusikelo, si kumene kukupita ndalama zanu.

Nanga bwanji galimoto imene anzanu anati imangonunkhiza ikumwa chonchi? Aqua itatuluka kumapeto kwa 2011, a Toyota analengeza kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita imodzi. Koma nambala imeneyo inapezeka poyesera m'nyumba, galimoto ili pamakina, eyakoni yozimitsa, popanda phiri, mchenga, maenje kapena matumba a mpunga kumbuyo. Yanuyo yayenda kale zaka zake ku Japan, batire lake lalikulu layamba kutopa, ndipo ikukhala m'chigwa chimene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Onjezerani kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene Ethco ya ku Dwangwa yakhala ikupanga kuyambira 1982 ndipo PressCane ya ku Chikwawa kuyambira 2004. N'zothandiza dziko chifukwa zimapulumutsa ndalama zakunja, koma lita ya ethanol mphamvu yake ndi yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi lita ya petulo, tsono makilomita amatsikako pang'ono. Musayembekezere 35 pa msewu wa ku Bangula. Amene anakuuzani zimenezo anangowerenga pepala.

China chimene chimapweteka ndi mtengo, osati kamwedwe. Mu Novembala 2023 bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 pa lita. Mu Okutobala 2025 anafika pa K3,499. Munthu amene anazolowera kuthira "a K20,000" anayamba kulandira malita osakwana 6 pamene kale ankalandira pafupifupi 8. Muvi wa mafuta ukatsika msanga, iye amaloza mkazi, mkazi amaloza chibwenzi, chonsecho ndalama ndi imene yafooka. Muziwerenga malita, osati makwacha.

Tsopano tiyeni tikwere limodzi ulendo wa ku Blantyre, ndikuonetseni malo a batani lililonse.

Kuchoka pa Bangula kudutsa Ngabu, Nchalo mpaka pa Dyeratu msewu wa M1 ndi wachidikha. Apa ikani pa D, ECO iyake ngati kunja kukuzizira bwino, ndipo liwiro likhale cha m'ma 80. Kupitirira apo mphepo imayamba kulimbana ndi galimoto ndipo mafuta amatha msanga. Msewu umenewu ndi wa ng'ombe, mbuzi, njinga za kabaza ndi misika ya m'mbali. Yang'anani patali. Mukaona ng'ombe zikuwoloka, chotsani phazi pamoto mukadali kutali, galimoto ichepetse yokha. Aqua ndi hybrid, kutanthauza kuti ili ndi injini ya petulo ndi mota ya magetsi. Mukamachepetsa liwiro pang'onopang'ono chonchi, mphamvu ija imabwerera m'batire. Mukamanga buleki mwadzidzidzi, yambiri imangotayika ngati kutentha kwa mabuleki. Padashibodi pali kachizindikiro kolembedwa CHG, ECO ndi PWR. Kameneko ndiye mphunzitsi wanu weniweni. Kakamakhalitsa pa PWR ndiye kuti phazi lalemera.

Mukafuna kupitirira thiraki yaitali, monga zija za nzimbe za ku Nchalo, izimitseni ECO. Pamenepo mukufuna galimoto yomvera msanga, kuti musakhalitse mbali ya eni ake. Amene galimoto zawo zili ndi batani la PWR kapena SPORT, monga Prius ndi zina, malo ake ndi amenewa. Mabatani amenewo amachita zosiyana ndi ECO: moto umadzuka msanga ndipo injini imakhalitsa pamwamba. Mukatha kupitirira, azimitseni. Kuyenda nawo tsiku lonse n'kumene kumadya ndalama ya ndiwo.

Mukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, phiri layamba. Chigwa chanu chili pafupifupi mamita 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere, Blantyre ali cha m'ma 1,000. Kukweza galimoto, anthu ndi katundu mtunda wonsewo kumafuna mafuta, palibe batani lingakukhululukireni. Mukasiya ECO yoyatsa mumangoponda kwambiri kuti mupeze mphamvu yomweyo. Izimitseni, mukwere modekha ndi liwiro limodzi.

Tsono pobwerera. Bambo, apa ndiye mundimvetsere bwino, chifukwa ndikuyankhula ngati munthu amene walandirapo anthu ovulala pangozi usiku. Zoika pa N potsika phiri, zimene madalaivala ena amati kuyendetsa pa fri, zilekeni lero lomwe. Ndi nzeru ya galimoto zakale, ndipo ngakhale kalelo inkapha anthu. Galimoto za masiku ano zikamatsika zili m'giya, phazi mutachotsa pamoto, kompyuta imatseka yokha mafuta opita ku injini. Mukaika pa N, injini ya galimoto wamba imafunika mafuta kuti isazime, ndiye mukumwetsa m'malo mosunga. Kwa hybrid ngati yanuyo n'zoipa kuposa apo, chifukwa ili pa N batire silitchajidwa. Mphamvu yonse ya phirilo, imene ikanadzaza batire mwaulere, mukuitaya.

Choopsa chenicheni n'chakuti pa N galimoto yonse imatsamira pa mabuleki okha. Pa mtsetse wautali wokhotakhota ngati umenewo mabuleki amatentha, mafuta ake amatha kuwira, ndipo tsiku lina mudzaponda phazi n'kungolowa. Pa giya ya Aqua pali chilembo B. Anachiikira mtsetse ngati wa pa Thabwa. Ikani pamenepo, injini ithandize kugwira galimoto. Idzalira mokweza, musaope, sikumwa mafuta kumeneko. Mukafika pachidikha bwezerani pa D, chifukwa B pamsewu wosalala amakubwezani m'mbuyo. Amene galimoto zawo zilibe B agwiritse S, 2 kapena L. Inu a Corolla zakale za otomatiki, batani la O/D OFF limathandiza potsika ndi pokwera phiri, koma mukaliiwala nyali yake ili chiyakire pa msewu wa ku Nchalo, galimoto siilowa giya yomaliza ndipo imamwa ngati yabooka. Chimodzimodzi ECT PWR.

Pali batani lina pafupi ndi ECO lolembedwa EV MODE. Limayendetsa galimoto ndi magetsi okha, koma kilomita imodzi kapena awiri basi, pa liwiro lochepa. Batire likatsika injini imadzuka kudzalidzazanso, ndi petulo yemweyo. Choncho si mafuta aulere, ndi ngongole. Lisiyeni, galimoto imadziwa yokha nthawi yosinthira. Chimene ndikufuna makolo mukumbukire n'chakuti hybrid ikamayenda ndi magetsi siimveka. Mwana wa zaka ziwiri akusewera kumbuyo kwake sangadziwe kuti yanyamuka. Musanabwerere m'mbuyo pakhomo, zungulirani galimoto ndi maso, ndipo mwana akhale m'manja mwa munthu.

Tibwere ku eyakoni. Bambowa sakunama, imamwadi mafuta. Kunja kukatentha kwambiri, makamaka pa maulendo afupiafupi, ingathe kudya kotala ya mtunda wanu kapena kupitirirapo. Koma walira mvula walira matope. Munagula galimoto kuti banja liziyenda bwino, si uvuni. Thupi la mwana wamng'ono limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo madzi amamuthera msanga. Mayi woyembekezeranso sachedwa kuchita chizungulire ndi kukomoka. Mwana ndi mayiwa akakhala m'galimoto masana a dzuwa, eyakoni iyake. Ngati siikuziziritsa mokwanira, zimitsani ECO, paja ndanena kuti imaifooketsa. Lita imodzi kapena awiri amene mungapulumutse sangalipire usiku umodzi mwana ali pa dilipi.

Njira zochepetsera zilipo. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Imikani pamthunzi. Musanakwere tsegulani zitseko zonse mpweya wotentha utuluke, yendani mphindi zochepa mawindo ali otsegula, kenako tsekani n'kuyatsa eyakoni, mutadina kabatani kozungulitsa mpweya wa m'kati momwemo. Kameneko kamatchinganso fumbi. Madzi akumwa asasowe. Mukaona mwana wafooka, akungogona, milomo yauma, maso alowa, sakukodza kapena thupi latentha kwambiri, imani pamthunzi, muvuleni, mupukuteni ndi madzi, mumwetseni madzi kapena Thanzi ORS ngati akutha kumeza, ndipo thamangirani kuchipatala chapafupi. Ndipo chonde, musamusiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale mukuti mukungogula tomato. Pa mphindi 10 zokha kutentha kwa m'kati kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10.

Batire lalikulu la Aqua nalonso limadana ndi kutentha. Lili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo limapuma kudzera pa kabowo ka m'mbali mwa mpandowo. Mukatsekapo ndi chitenje, chikwama kapena thumba, kapena fumbi likadzaza, batire limatentha, limasiya kuthandiza, injini n'kumagwira yokha ntchito yonse. Mafuta amathera pamenepo. Pitani kwa makaniko wodziwa za hybrid akayeretse fani yake, aonenso sefa ya mpweya ya injini. Kwanuko n'kwa fumbi, musadikire kuti galimoto idwale. Mpweya wa m'matayala muziyeza kamodzi pamwezi m'mawa, motsatira nambala zolembedwa pakhomo la dalaivala. Katundu wosafunika atsike: makilogalamu 45 alionse owonjezera amadya pafupifupi 1 peresenti, ndipo katundu wa padenga ndiye amadya kwambiri. Kudikira munthu pamsika injini ikulira nakonso n'kuwotcha ndalama.

Za zigubu kuchipinda, zituluke lero, dzuwa lisanalowe. Petulo safuna kuti moto umukhudze. Nthunzi yake imayenda pansi mpaka kukapeza kandulo, koloboyi kapena mbaula, ndipo kukatentha imachuluka. Mabala a moto wa petulo ndawatsukapo, sindifuna mudzawaone pa mwana wanu. Nthunzi yomweyo ndi imene mayi woyembekezera akupuma usiku wonse. Kupopa petulo ndi pakamwa nakonso n'koopsa, dontho likalowa m'mapapo limayambitsa chibayo. Mwana akamwa petulo kapena palafini musamusanzitse, musamumwetse mafuta ophikira kapena mkaka, pitani naye kuchipatala msanga.

Mantha a bambowa ndikuwamvetsa. Tonse tinaiona mizere ya pa mafiling'i siteshoni mu 2022 ndi 2024. Koma nkhokwe yabwino ya petulo ndi thanki ya galimoto. Kuyambira mwezi wachisanu ndi chitatu, muvi usatsike kupitirira theka. Mafuta amenewo ndi a mayi ndi khanda, si okaonera mpira. Ndipo inu a kuchigwa mukudziwa bwino zimene madzi amachita. Njira ya pa Chiromo inaduka mu 1997, madzi osefukira anabweranso mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023 nthawi ya namondwe Freddy. Madzi akadula msewu, thanki yodzaza ilibe ntchito, ndipo hybrid siyofunika kuilowetsa m'madzi akuya. Ngati masiku anu akugwera nyengo ya mvula, kambiranani ndi azamba kusikelo kuti mukadikirire kuchipatala nthawi ikadalipo.

Ndatsala ndi nkhani ya anzanu aja. Mwananga, muvi wa mafuta si mboni. Sindinganene zimene zili mumtima mwa amuna anu, koma m'kalata yanu simunatchule chilichonse chosonyeza chibwenzi kupatula petulo, ndipo ndakuonetsani njira zambiri zimene petuloyo akuthawira. Munthu amene akuumira mpaka eyakoni amaoneka ngati wopanikizika ndi ngongole. Banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule.

Chitani izi. Gulani kope la ana asukulu likhale m'galimoto. Tsiku lina mudzadzaze thanki mpaka pampu itadzidula yokha, mulembe tsiku ndi nambala ya makilomita imene ili padashibodi. Aliyense akayenda azilemba kumene wapita ndi makilomita. Podzathiranso dzazaninso, mulembe malita. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa, mupeza makilomita a pa lita imodzi. Thirani pa siteshoni, chifukwa wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu simudziwa muyezo wake kapena chimene asakanizamo. Yesani thanki imodzi ECO yoyatsa, ina yozimitsa, maulendo ofanana, muone nokha kusiyana kwake.

Mwachitsanzo, tinene kuti mwayenda makilomita 260. Ngati galimoto ikupereka 20 pa lita, mwawotcha malita 13. Ngati phazi lalemera n'kutsika kufika 16, mwawotcha malita 16 ndi kakotala. Malita atatu amenewo, pa mtengo uja wa Okutobala 2025, ndi ndalama yoposa K10,000 pa ulendo umodzi. Chulukitsani ndi mtengo umene uli pa pampu lero, muone matewera angati akupsa.

Kopelo lisakhale la upolisi. Likhale ngati khadi la kusikelo, limene limatiuza ngati mwana akukula kapena ayi popanda kukangana. Makilomita akamagwirizana ndi maulendo olembedwa, mtima wanu ukhale pansi ndipo anzanuwo muwauze asamale maanja awo. Akapanda kugwirizana, funsani mwaulemu muli awiri, ndi nambala m'manja. Zikakanika pamenepo, ndiye ankhoswe angabwere.

Kwa inu bambo, kusamala ndalama ndi khalidwe labwino ndipo ndikukuyamikirani. Koma galimoto imeneyi munagula awiri, ngongole mukubweza awiri. Lekani kuwerengera mkazi wanu mabatani. Mutengeni tsiku lina Loweruka, muphunzitsane kuponda mopepuka, wina akuyendetsa wina akuyang'ana kachizindikiro kaja. Mwina mupeza kuti phazi lopepuka m'nyumbamo ndi la mayiwa.

Pakatha mwezi ndilembereninso, mundiuze makilomita angati pa lita mwapeza. Kusikelo musajombe.

Ndine wanu,
Anamwino.